Matambala a pa Mfundo ya Chitenje

Makina aja ofufuzira zitsulo atangoyandikira pansi, analira mwakuti Lukiya anavula mahedifoni n'kuwaponya pamchenga. Ankalira paliponse. Ukawalozetsa kuno, kulira. Ukawasunthira uko, kuliranso, ngati mtsinje wonse wa Domasi wina anauyala misomali. Anyamata oweta mbuzi amene anakhala pamwala kutsidya anafa nalo phwete, wina n'kufuula kuti Che Sumaili abwera ndi wayilesi yolankhula ndi nyerere. Che Sumaili sanachimve chipongwecho. Ankangoyang'ana mwana wawo, kudikira kuti awauze zimene ndodo yawo yachitsulo ikunena.

"Zikungolira, Ababa," Lukiya anakuwa pafupi ndi khutu lawo lamanzere, lomwe linkamvako pang'ono. "Paliponse zikulira."

Che Sumaili anawerama, n'kutapa mchenga dzanja limodzi. Unali wakuda, wonyezimira padzuwa. Anamuuza mwanayo kuti mchenga umenewu ndi wochokera m'phiri ndipo uli ndi chitsulo chake chobadwa nacho, n'chifukwa chake makinawo akuyesa kuti pansi ponse pali chuma. Anati sanawonongeke ayi, akungofunika kuwaphunzitsa dothi la kuno. Lukiya anasasa mahedifoni aja n'kuwavalanso, koma mumtima ankalakalaka makinawo atawonongeka ndithu.

Munali m'zaka zija za m'ma 1980, amuna ambiri a kwa Malemia akupitabe ku migodi ya ku Joni. Makutu a Che Sumaili anathera komweko, kubowola miyala pansi pa nthaka. Anali komweko mwezi wa Febuluwale pamene mkazi wawo, a Zuwena, mayi ake a Lukiya, ankachokera kogulitsa zitumbuwa ku Songani. Kuchigwa kuno kunali dzuwa lokhalokha, koma m'phiri mvula inali itagwa ya mtima bii. A Zuwena ali pakati pa mtsinje, napolo anatulukira, madzi aukali aja obwera ndi mitengo ndi miyala. Amayi anzawo amene anali ataoloka kale anangoona dengu likuzungulira pamadzi, basi.

Amuna a m'mudzi anafunafuna mpaka kumadambo a ku Chilwa. Anapeza dengu lokha, litakodwa m'bango pokhotera mtsinje, pamene madziwo anasiya mchenga wochuluka kwambiri. Anayesa kukumba apo ndi apo, koma mchenga wa napolo ungaukumbe ndani? Anagwa mphwayi, anabwerera kuminda yawo. Maliro sanachitike, manda sanakumbidwe, ndipo Lukiya anakakhala kwa mayi ake aang'ono, a Kuluthumu.

Che Sumaili anafika chilimwe chitakhwima. Anzawo ankabwera ndi njinga, malata ndi mabulangete a mizeremizere. Iwo anabwera ndi ndodo yokhala ndi mbale kumapeto, imene anaigula m'sitolo ya zinthu zakale. Akuti azungu amafufuzira ndalama zotayika m'mphepete mwa nyanja. A Kuluthumu atayiona anangoomba m'manja n'kunena kuti alamu awo asiya makutu ku Joni pamodzi ndi nzeru zomwe. Koma nzeru zinalipo. A Zuwena ankamanga matambala awo onse a pamsika pa mfundo ya pakona ya chitenje, mfundo yolimba yomasula ndi mano, n'kuipisa m'chiuno. Che Sumaili anati makinawo munthu samumva, koma ndalama amazimva, ndipo pamene pali matambala amenewo ndi pamene pali mkazi wawo. Ankafuna kuwapeza, kuwaveka nsanda ndi kuwaika m'manda monga Msilamu aliyense, mvula isanagwe. Mtsinje ukadzadzanso unali woti ukokolole mchenga wonsewo kupita nawo ku Chilwa, ndipo zikanathera pomwepo.

Vuto linali limodzi. Mwini makina anali wogontha. Choncho makutu anayenera kukhala a Lukiya, mtsikana wa Sitandade 7, amene sankafuna n'komwe kuti amayi ake apezeke mumchenga.

Musamuweruze msanga mwanayo. Napolo atangodutsa, wogulitsa matemba wina wa panjinga ananena pamsika kuti asodzi a ku Chilwa anavuula mayi wina wamoyo amene anaiwala dzina lake ndi kwawo. A Kuluthumu anapita, anafunsa m'madoko, anabwerako miyendo itatupa, osapeza munthu aliyense wodziwa nkhaniyo. Akuluakulu anaiiwala. Lukiya yekha anaisunga. Basi ikaima pamsewu wa ku Liwonde ankayang'ana amayi onse otsika mmodzimmodzi, mtima uli m'malere. Kwa iyeyo, malinga ngati mumchenga simunapezeke kanthu, amayi ake anali moyo kwinakwake, akuvutika kukumbukira njira ya kwawo.

Kuphunzitsa makina dothi kunali ntchito ya munthu wodekha. Pabokosi lake panali mabatani awiri opotokola ngati a wayilesi. Che Sumaili ankasankha malo oyera, n'kumakweza ndi kutsitsa mbale ija pamwamba pa mchenga ngati munthu wosinja mwaulesi, Lukiya akupotokola batani loyamba pang'onopang'ono. Mbale ikamatsika kulira n'kukula, ndiye kuti abweze. Kulira kukamathawa, ndiye kuti awonjezere. Ankatero mpaka kamvekedwe kakhale kamodzimodzi, kang'ung'udza kochepa chabe, mbale ili m'mwamba kapena pansi. Pamenepo ndiye kuti makina auzolowera mchenga, asiya kuunamizira. Lukiya akafulumira n'kupyola, bambo ake ankamugwira dzanja n'kumuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Batani lachiwiri linali lokanira zitsulo zachabe. Che Sumaili anakwirira msomali apa, khobidi la teni tambala apo, n'kudutsitsa mbale pamwamba kuti mwanayo amve kusiyana kwake. Msomali unkalira mosasa, moduladula, ngati chule wa chimfine. Khobidi linkalira bwino, liwu loyera, lofanana popita ndi pobwera. Anamusonyeza kuti akalikweza pang'ono batanilo, msomali umakhala chete koma khobidi limamvekabe. Kenaka anamuchenjeza kuti asadzalipotokole mpaka kumapeto, chifukwa likafika kumeneko makina amakana chilichonse, ndalama zomwe. Anagwirizana kuti Lukiya akamva liwu loyera lija azikweza dzanja.

Ndiye anayamba. Masana aliwonse akaweruka kusukulu, Lukiya ankapeza bambo ake akumudikira pansi pa mtengo wa mango, ndodo ili paphewa. Chingwe cha mahedifoni chinali chachifupi, choncho ankayenda phewa ndi phewa, kutsata mizere imene Che Sumaili ankalemba ndi chidendene. Mchenga wake sunali umodzi. Pena wofiira, pena wakuda bii, ndipo akangosuntha pang'ono makina ankayambanso bodza lawo, iwo n'kuima kuti atchunenso. Panalinso timiyala tina takuda tonyenga, tolira ngati ndalama popita koma pobwera zii. Anafukula zitsekerero za mabotolo, chikhasu chakale, waya wa njinga, ngakhale ndalama ya peni ija yakale yoboola pakati. Nthawi iliyonse bambo ake akagwada n'kuyamba kufukula, Lukiya ankayang'ana kumbali. Ikatuluka nyansi ya chitsulo, iye ankapuma, kenaka n'kuchita manyazi poona mmene mapewa a bambo ake agwera.

Tsiku lina kunatentha moti mchenga unkawotcha kudzera m'mapatapata. Anafika kumunsi kwa chikuni chachikulu cha mkuyu chimene madzi anachisiya chitagona chammbali. Pamenepo mchenga unali wakuda kuposa pena paliponse, ndipo anatchuna nthawi yaitali makina asanatonthole. Che Sumaili anadutsitsa mbale kufupi ndi mizu ya chikunicho.

Liwu linamveka. Silinali la khobidi limodzi. Linali lodzaza, loyera, lochokera pansi, popita chimodzimodzi, pobwera chimodzimodzi. Lukiya anaima chilili. Anadziwa. Palibe amene akanamuuza kuti ndi chitsekerero cha botolo. Dzanja loti akweze lija linalemera ngati si lake, ndipo m'malo mokwera linapita pabokosi. Chala chake chinapotokola batani lachiwiri mpaka kumapeto, liwu lija n'kuzima.

"Ndi mwala wakuda basi, Ababa," anakuwa. "Tiyeni kutsogolo."

Che Sumaili anaima kanthawi ndithu. Kenaka anapukuta thukuta ndi chipewa chawo, n'kupitiriza mzere. Tsikulo anaweruka msanga.

Bodza ndi katundu wolemera kwa mwana amene sanalizolowere. Lukiya chakudya chinasiya kulowa. Mkalasi aphunzitsi akafunsa funso ankangowayang'ana pakamwa, m'makutu mwake mukulirabe liwu lija. A Kuluthumu anamugwira pamphumi, n'kuganiza kuti ndi malungo a kuyenda padzuwa, ndipo anawakalipira alamu awo kuti apha mwana ndi ndodo yawoyo. Lukiya ankadziuza kuti mwina unalidi mwala. Ankadziuzanso kuti mwina ndi ndalama za munthu wina, poti pamtsinje pamaoloka anthu ambiri. Koma akaona basi itaima pamsewu sankathamangiranso kukayang'ana otsika. Ankangoweramitsa mutu n'kudutsa.

Kenaka chizimalupsa chinagwa, fumbi n'kununkhira. Pamwamba pa phiri mitambo inayamba kugona masana aliwonse, ndipo madzi a mu Domasi anasanduka ofiira, n'kukwirira miyala yowolokera. Anthu anatulutsa mbewu zawo. Che Sumaili anapachika makina aja kudenga, n'kumuuza Lukiya kuti apumule, alimbikire sukulu ndi madrasa. Iye anaganiza kuti bambo ake ataya mtima, ndipo m'malo mosangalala anamva chisoni chachikulu. M'mawa uliwonse ankawaona akutuluka chimanjamanja. Madzulo ankabwera zala zitang'ambika, msana utapindika, n'kungoswali, kudya pang'ono ndi kugona.

Loweruka lina a Kuluthumu anamupatsa chinangwa chophika m'kambale kuti akapereke kwa bambo ake. Anati akawapeza kumtsinje kumene akudzipweteka ndi miyala, pamene amuna anzawo akubzala chimanga. Lukiya anadabwa kuti miyala ya chiyaninso.

Atafika pokhotera paja anaima. Kumtunda kwa chikuni cha mkuyu kunali mpanda wa miyala wofika m'chiuno, wokhota ngati khola, wotsekedwa m'mipata ndi nthambi ndi matope. Madzi ofiira anali atayamba kale kuunyambita, n'kumapatukira kumbali. Che Sumaili anali m'madzi mpaka m'mawondo, atakumbatira mwala waukulu pamimba, akuyenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Mchenga wonse wa pamtsinjewo anausiya kuti madzi adye. Anatchinga malo amodzi okha, pafupi ndi mizu ya chikuni, pamene mwana wawo anati pali mwala wakuda.

Anawafunsa kuti mpandawo ndi wa chiyani. Iwo anaika mwala uja pamalo pake, n'kuyankha osamuyang'ana kuti madzi akubwera, ndipo akufuna azidutsa uko.

Lukiya anaika kambale pansi. Anayamba kulankhula, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono, ndipo bambo ake anangomutchera khutu lamanzere n'kumufunsa kuti akuti chiyani. Ha, zinali zowawa. Mwana wina aliyense akanatha kuulula cholakwa chake monong'ona, maso ali pansi. Iyeyu anayenera kuimirira ndi zala za kumapazi, kugwira phewa la bambo ake lonyowa ndi thukuta, n'kukuwa mpaka mawu ake anamveka kutsidya.

"Ndinanama, Ababa! Sunali mwala. Zinali ndalama, ndipo zinali zambiri."

"Ndikudziwa, mama," anatero Che Sumaili. "Anafa ndi makutu anga, maso ayi. Ndinaona nkhope yako. Ndinaonanso chala chako pabatani."

Lukiya anawayang'ana manja aja, zikhadabo zothyoka, magazi ouma pakati pa zala. Anafunsa akusisima kuti nanga osangokumba bwanji tsiku lomwelo, m'malo modzizunza chonchi.

"Ine amayi ako ndinawalira kale, ndili ndekha kumgodi," anayankha. "Iwe unali ukadali nawo. Ndikanakumba tsiku lija, ndikanakhala ine wokulanda amayi ako. Ndimati ndidikire mpaka uwapereke wekha. Kungoti mtsinjewu sudziwa kudikira, ndiye ndimaunyengerera ndi miyala."

M'phiri munagunda. Lukiya anathamangira kunyumba, anakwera pampando n'kutsitsa makina aja kudenga, n'kubwerera nawo akupuma movutikira. Mchenga unali utanyowa, ndipo makina anayambanso kulira paliponse monga tsiku loyamba. Misozi inkamulepheretsa kuona mabatani, koma sanafulumire. Bambo ake ankakweza ndi kutsitsa mbale, iye akupotokola, kubweza, kuwonjezera, mpaka mchenga unatonthola. Batani lachiwiri analibwezera pamalo pake. Mbale itadutsa pafupi ndi mizu, liwu lija linamveka, loyera ngati poyamba. Anawagwira bambo ake mkono, n'kuloza ndi chala malo enieniwo.

Che Sumaili sanatenge khasu. Anagwada n'kuyamba kufukula ndi manja awo opweteka aja, mosamala, kukankhira mchenga kumbali. Dzenje litafika m'chigongono, zala zawo zinaima. Lukiya anaona kansonga ka nsalu kotuwa, komangidwa mfundo yolimba, maluwa ake achikasu akuonekabe pang'ono. Chitenje chimenecho anachichapapo yekha pamtsinje womwewo.

Bambo ake sanapitirize. Ananong'ona mawu amene Asilamu amanena akamva za imfa, anavula malaya awo n'kuphimba dzenjelo. Kenaka anamuuza kuti apite akauze mayi ake aang'ono, ndipo iwo atume munthu kumzikiti; zotsalazo ndi za akuluakulu. Anati iwo akhala pomwepo, sawasiyanso a Zuwena okha.

A Kuluthumu anali akusankha mbewu pakhonde. Ataona nkhope ya mwanayo, lichero linawagwa m'manja.

"Amayi apezeka," anatero Lukiya. "Anamwalira, Amayi anamwalira. Kaitaneni anthu tikawatenge."

Maliro amene anachedwa miyezi yonseyo anayamba pakhonde pomwepo. Lukiya analira mpaka mawu anatha, atagona pamiyendo ya mayi ake aang'ono, ndipo palibe amene anamuletsa. Amuna anapita kumtsinje ndi nsanda yoyera, ndipo dzuwa lisanalowe anali atawanyamula a Zuwena kupita nawo kumanda, kufupi ndi makolo awo. Lukiya anatsala pakhomo ndi amayi ena monga mwa mwambo, akuyang'ana bambo ake atasenza kutsogolo, phewa lawo lili pansi pa mtengo wa jeneza, chonyamulira maliro.

Mvula yeniyeni inagwa m'mawa mwake, ndipo inagwa tsiku lonse osakata. Pofika madzulo Domasi anali atasefukira. Anagumula mpanda wa Che Sumaili, ananyamula chikuni cha mkuyu, n'kukokolola mchenga wonse wakuda uja kupita nawo ku Chilwa. Koma ulendo uno sanapezepo munthu woti amutenge.